MASO A PUSI NDI MASO A WODWALA

Alimi amene minda yao inagundana ndi mapiri, monga a m'mphepete mwa mapiri a Mphangwe ku Katete ndi a m'zigwa za ku Vubwi, aidziwa bwino nchito ya kulinda cimanga m'miyezi ya Febuluwale ndi Malici. Cimanga cikangoyamba kukhwima, anyani ndi apusi atsika m'magulu, ndipo mlonda amene akhala pa nsanja kuyambira mbandakuca kufikira dzuwa litapendeka amaphunzira makhalidwe ao onse. Cinthu cimodzi cimene mlonda ali yense anaciona ndi cakuti pusi sapenya malo amodzi nthawi yaitali. Maso ake afika pa dowe, alumphira kwa mlonda, abwerera pa dowe, apita kwa galu, akwera ku mtengo wothawirako, ndipo zonsezi zicitika munthu asanathe kupuma kawiri.

Ambiri amati amenewa ndi mantha a wakuba. M'mau amenewa muli coonadi, koma sicikwanira, pakuti maso a mlonda mwini wake ali kucita cimodzi-modzi ngakhale iye sazindikira. Maso a munthu alumpha pafupi-fupi katatu pa sekondi imodzi, ndipo pofika nthawi yogona amakhala atalumpha koposa ka 100,000. Nkhani ya sabata ino ifotokoza za malo a m'mutu amene atuma maso kucita zimenezi. Banja liri lonse liyenera kuwadziwa malo amenewa, cifukwa pa tsiku limene munthu agwa mwadzidzidzi pakhomo, maso ake angathe kuuza acibale ndi madotolo cimene cacitika mkati mwa mutu wake.

Cifukwa ca kulumpha kumeneku ciri m'kapangidwe ka diso. Mkati mwa diso, cakumbuyo, muli kansalu kopyapyala kolandira kuwala, ndipo pakati pa kansaluko pali kadzenje kakang'ono. Kadzenje kameneka kokha ndiko kaona zinthu bwino-bwino. Wowerenga atatambasula mkono wake ndi kuimika cala cacikulu, malo amene cikhadabo ca calaco ciphimba ndiwo pafupi-fupi malo onse amene diso liona bwino pa nthawi imodzi. Zina zonse zozungulira zioneka mwacimbuuzi. Angathe kuyesa pa tsamba lomwe lino: ayang'anitsitse liu limodzi osasuntha maso, ndipo adzapeza kuti mau amene atalikirako pang'ono sawerengeka. Motero diso liyenera kunyamula kadzenje kaja ndi kukaika pa cinthu ciri conse cofunika, cimodzi-cimodzi, monga acitira munthu wa toci amene aunika apa ndi apo pofuna mbuzi yosokera usiku. Minofu 6 yomangirira diso liri lonse ndiyo imakoka.

Dotolo wa maso wa ku Paris, Louis Émile Javal, analemba m'zaka za 1878 ndi 1879 kuti powerenga maso sayenda mosalala pa mzere ai, koma alumpha, naima, nalumphanso. Liu la Cifalansa limene iye anagwiritsa nchito ndi saccade, limene poyamba linali kunena za kukoka mwadzidzidzi cingwe ca pakamwa pa kavalo, ndipo madotolo a maiko onse acula... ai, achula dzina lomweli kufikira lero. Ndi ziwalo zocepa za thupi zimene zisuntha msanga monga diso pa kulumpha kumeneku. Kulumpha kumodzi kwa powerenga kumatha m'gawo limodzi mwa magawo 30 a sekondi, ndipo diso likadatha kupitiriza ndi liwiro la kulumpha kwakukulu, likadazungulira bwalo lathunthu sekondi isanathe.

Pali codabwitsa cina cimene ana a sukulu angayese ndi kalilole wa amai ao. Munthu akadziyang'ana pa kalilole, napenya diso lake lamanzere kenaka lamanja, sadzaona maso ake ali kusuntha, ngakhale atabwereza kakhumi. Koma mnzake woima pambali adzaona kusunthako poyera. Cimene cicitika ndi cakuti pa kamphindi ka kulumphako ubongo umacepetsa kuona, kuti dziko lisaoneke ngati liri kugwedezeka nthawi zonse. Ubongo sukadatha kutero ukadapanda kudziwiratu kuti diso liri pafupi kulumpha, ndipo udziwiratu cifukwa lamulo la kulumphako licokera kwa iwo womwe.

Nyama zina zinalengedwa mosiyana. Maso a kadzidzi ali ngati okhomedwa m'mutu, ndiye cifukwa cake atembenuza khosi lonse kufikira kuopsa ana. Nkhuku igwiritsa nchito mutu, kuugwedeza ndi kuuimitsa. Birimankhwe ayendetsa diso liri lonse palokha. Koma pusi ndi nyani ali ndi maso awiri openya kutsogolo, ali ndi kadzenje kaja monga munthu, ndipo ubongo wao unayalidwa mofanana ndi wa munthu. Ici ndico cifukwa cake zambiri zimene madotolo adziwa za kayendedwe ka maso anaziphunzira kwa apusi. Apusi ambiri amene anagwiritsidwa nchito ndi a mtundu wa rhesus wa ku India ndi maiko ena a ku Asia, abale a apusi a m'minda ya kuno.

WOYAMBA KUPEZA MALOWO

Woyamba kuloza malowo anali David Ferrier, dotolo wa ku Scotland. M'caka ca 1870 akatswiri awiri a ku Berlin, Gustav Fritsch ndi Eduard Hitzig, anali ataonetsa kuti akakhudza malo ena a ubongo wa galu ndi mphamvu yocepa ya magetsi, mwendo wa mbali ina umasuntha. Ferrier anayamba nchito yonga yomweyo m'caka ca 1873 pa cipatala ca odwala misala ku Wakefield, ku England, ndipo posacedwa anatembenukira kwa apusi. Anapeza kuti kutsogolo kwa ubongo kuli malo amene, akawakhudza, maso onse awiri pamodzi ndi mutu atembenukira mbali ina. Akakhudza ubongo wa kumanzere, maso apita kumanja. Akakhudza wa kumanja, maso apita kumanzere. Anazilemba zimenezi m'buku lake la 1876, nthawi imene boma la Fort Jameson, limene lero ndi Chipata, linali lisanamangidwe.

Malo amenewa achedwa frontal eye field m'Cizungu, ndiko kunena dera la kutsogolo lolamulira maso. Alipo awiri, lina kumanzere lina kumanja. Mwa munthu ali pakati pa mphumi ndi liwombo, cakumbali pang'ono, kutsogolo kwa dera limene lilamulira manja ndi nkhope. Kuyandikana kumeneku ndi kofunika kukumbukira, pakuti matenda ogwira dera limodzi kawiri-kawiri agwiranso linzake.

Nchito ya Ferrier inautsa mkangano. M'caka ca 1881 anaimbidwa mlandu ku London pa lamulo loletsa nkhanza kwa nyama, koma mlanduwo unathetsedwa. Patapita zaka zitatu, m'caka ca 1884, dotolo Rickman Godlee anatsegula mutu wa munthu wodwala cotupa ca mu ubongo mumzinda womwewo, atadziwa pamene cinali mwa kutsata mapu a Ferrier. Mlimi amene anathyoleredwa munda wonse sangamve cifundo msanga ndi pusi. Komabe nkoyenera kunena kuti nyama zimenezi zinamva zowawa kuti anthu apindule, ndipo malamulo amene lero akakamiza akatswiri kuzisamala ndi kucepetsa ciwerengero cao ndi malamulo abwino.

Panapita zaka pafupi-fupi 100 zipangizo zoyezera bwino zisanapezeke. M'caka ca 1969 David Robinson ndi Albert Fuchs, pa sukulu ya ukacenjede ya Johns Hopkins ku America, anaonetsa kuti dera limeneli liri ngati mapu. Malo ali onse ang'ono ali ndi ulendo wao-wao: apa pakakhudzidwa diso lilumpha pang'ono kupita kumanja, apo pakakhudzidwa lilumpha kwambiri kupita kumanja ndi kumwamba, ndipo zibwereza cimodzi-modzi nthawi iri yonse. Akatswiri anaphunziranso kumvetsera tizigawo ting'ono-ting'ono ta ubongo tochedwa maselo, kamodzi-kamodzi, ndi kawaya koonda ngati tsitsi. Ubongo weni-weniwo sumva kuwawa, ndipo pusi amakhala pa mpando ali maso, kuyang'ana timagetsi tounikira pa khoma, nalandira dontho la madzi a zipatso akacita bwino. Kuphunzitsa pusi mmodzi kumatenga miyezi. Akulu-akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo m'nchito imeneyi mwambiwo unakwaniritsidwa.

M'caka ca 1985 Charles Bruce ndi Michael Goldberg anafalitsa zimene anamva m'maselo amenewa. Ena amadzuka pamene cinthu caoneka pa malo ena ake. Ena amadzuka pamene diso liri pafupi kulumpha. Ena acita zonse ziwiri. Cacikulu cimene anapeza ndi cakuti maselo ambiri otuma diso amagwira nchito molimba pamene kulumphako kuli ndi colinga, koma amakhala pafupi-fupi cete pamene maso ali kungoyenda-yenda mumdima popanda cofuna. Ndiye kuti dera la kutsogololi ndilo limene lisankha cimene munthu afuna kuona.

MFUMU NDI NDUNA

Kusiyana kumeneku kuoneka bwino pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, pamene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana kumapeto kwa Ogasiti kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Gule akabulukira mwadzidzidzi kumbali kwa bwalo, fumbi liri koboo, maso a khamu lonse atembenukira komweko munthu asanaganize kanthu. Kumeneku ndi kulumpha kodzidzimuka, ndipo nchito yaikulu igwiridwa ndi timapiri tiwiri ta pakati pa ubongo, pansi, tochedwa superior colliculus. Koma m'khamu lomwelo muli mai amene mwana wake wasowa. Ng'oma ziri kulira, zilombo ziri kuvina, koma maso ake sapita kumeneko ai. Ayenda nkhope ndi nkhope, kufuna kamutu kamodzi ndi malaya amene anamubveka m'mawa. Amene ali kuyendetsa maso a maiyu ndi dera la kutsogolo lija.

Kayendedwe ka lamulo kafanana ndi ka pa bwalo la mfumu. Dera la kutsogolo ndi mfumu yogamula. Timapiri tija ndi nduna, imene ilandira mau a mfumu komanso iri ndi mphamvu yocita yokha zinthu zofulumira. Kucokera kwa nduna mau atsikira ku tsinde la ubongo, pamene ubongo ulumikizana ndi msana, ndipo kumeneko kuli amithenga awiri osiyana: wa kuyang'ana kumanzere ndi kumanja, ndi wa kuyang'ana kumwamba ndi pansi. Potsiriza mitsempha 3 ya mbali iri yonse ifikitsa uthengawo ku minofu ya diso. Kuyambira pamene cinthu caoneka kufikira pamene diso linyamuka papita pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo 5 a sekondi. Gawo lalikulu la kanthawi kameneka silithera pa ulendo wa uthenga, lithera pa kusankha.

Momwe kusankhako kucitikira anakuonetsa Doug Hanes ndi Jeffrey Schall a ku Vanderbilt, ku America, m'caka ca 1996. Anapeza kuti mphamvu ya maselo otuma diso imakwera pang'ono-pang'ono, monga madzi m'ndowa ya pa mjigo, ndipo ikafika pa mzere umodzi wosasintha diso linyamuka. Nthawi zina ndowa idzala msanga, nthawi zina icedwa, ndiye cifukwa cake munthu yemweyo ayankha mofulumira tsopano ndi kucedwa pambuyo pake. Pusi akapatsidwa cizindikiro coti aleke, mphamvu ija imabwerera pansi, malinga ngati siinafike pa mzere. Ikafika, palibenso kubweza.

Pamenepa pali phunziro limene makolo analidziwa m'njira yao. Nchito ya dera la kutsogolo si kutuma maso kokha, komanso kuwaletsa. Mwana wophunzitsidwa mwambo sayang'anitsa akulu m'maso. Mkamwini akakumana ndi apongozi ake pa njira apatuka, naika maso kumbali, ngakhale kuti diso mwacibadwa lifuna kuthamangira ku nkhope ya munthu amene wabwera. Madotolo ali ndi muyeso wofanana ndi mwambo umenewu: auza munthu kuti kagetsi kakayaka kumanja iye ayang'ane kumanzere. M'caka ca 1985 Daniel Guitton ndi anzake ku Montreal, ku Canada, anayesa anthu amene anacotsedwa mbali ya ubongo wa kutsogolo pofuna kuciritsa khunyu lao. Anthuwo anamva lamulo bwino-bwino, koma kawiri-kawiri maso ao anathamangira ku kagetsi komweko asanathe kuwagwira.

Ana ang'ono alephera muyeso umenewu koposa akulu, cifukwa ubongo wa kutsogolo ndiwo ucedwa kukhwima, ndipo umapitiriza kukula kufikira munthu atapitirira zaka 20. Mphunzitsi amene akwiya kuti ana a Giredi 1 atembenukira ku zenera nkhuku ikangolira panja akumbukire kuti mfumu ya m'mitu yao idakali yaing'ono. Mowa nawonso ufoketsa dera limeneli ndi kucedwetsa kulumpha kwa maso. Woyendetsa njinga amene wamwa kacasu ku msika wa Katete, nalowa mu mseu wa Great East Road madzulo, amaona lole yocokera ku Chanida mocedwerapo kusiyana ndi masiku onse, ngakhale iye alumbira kuti maso ake ali bwino.

Kufupi ndi dera limeneli, cakutsogolo, kuli malo ena osunga cikumbukiro ca kanthawi kocepa. M'caka ca 1989 Shintaro Funahashi, Charles Bruce ndi mai Patricia Goldman-Rakic, pa sukulu ya Yale, anaonetsa pusi kagetsi, nakazimitsa, namuletsa kusuntha maso kwa masekondi angapo. M'nthawi yodikirayo maselo ena anapitiriza kugwira nchito, kusunga malo a kagetsiko ngakhale panalibe coonekanso, ndipo ataloledwa, pusi analumphitsa maso pa malo eni-eniwo. Alonda a minda sangadabwe nazo: pusi adziwa pamene pali galu ngakhale atamufulatira. Ponena za maso amene athamanga-thamanga pansi pa zikope munthu ali m'tulo ta maloto, amene anafotokozedwa koyamba ku Chicago m'caka ca 1953, imeneyo ndi nkhani ina, pakuti gwero lake lalikulu liri ku tsinde la ubongo.

PAMENE MASO AKAKAMIRA MBALI IMODZI

Madera awiri aja, la kumanzere ndi la kumanja, ali ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Liri lonse likankhira maso ku mbali ya linzake, ndipo zonse zikakhala ndi mphamvu zofanana maso akhala pakati. Imodzi ikagwa, ngolo ikhota.

Zimenezi ndizo zicitika pa matenda a kufa ziwalo, amene ku cipatala acha sitiroko. Mtsempha wa magazi mu ubongo utsekeka kapena kuphulika, kawiri-kawiri mwa munthu amene wakhala ndi kuthamanga kwa magazi zaka zambiri osadziwa. Ngati bvuto liri mu ubongo wa kumanzere, mkono ndi mwendo wa kumanja zilefuka, pakamwa pakhota, ndipo nthawi zambiri mau asowa kapena asokonezeka. Dera la maso la kumanzere likagwidwanso, la kumanja litsala lokha, ndipo likankhira maso onse awiri kumanzere. Motero wodwalayo agona maso ndi mutu zitatembenukira ku mbali imene ubongo wabvulala, kufulatira mkono umene wafa. Acibale amuitana kucokera ku mbali yakufayo, koma iye sawapenya. Pamenepo m'pamene mau oipa amabadwa m'mudzi: ena amati ali kuloza ndi maso nyumba ya amene wamulodza, ena amati wakwiyira mkazi wake amene wakhala mbali inayo. Mabanja apasuka pa zinthu zotere. Koma maso amenewo sali kuloza nyumba ya munthu ali yense. Ali kuloza mbali ya mutu imene magazi aleka kufika.

Pa khunyu zinthu zitembenuka. Dera silinafe ai, koma liri kugwira nchito mopitirira muyeso, monga pamene Ferrier anali kulikhudza ndi magetsi. Tsono likankhira maso ku mbali inayo mwamphamvu, ndipo mutu utsatira. Kugwa kumene kwayambira kutsogolo kwa ubongo wa kumanzere kutembenuzira maso kumanja, ndipo kawiri-kawiri ndi mkono wa kumanja womwewo umene uyamba kugwedezeka. Munthu amene anaona ciyambi ca kugwako ali ndi umboni wa mtengo wapatali, pakuti pofika ku cipatala zonse zimakhala zitatha, ndipo wodwala mwini wake sakumbukira kanthu.

Nkhani imeneyi ikhudza kwambiri maboma a Katete ndi Sinda, kumene nkhumba zambiri ziyenda momasuka m'midzi. Akatswiri a pa University of Zambia, pamodzi ndi anzao a ku Belgium, anafufuza kwa zaka zambiri za njoka ya m'mimba yocokera ku nkhumba m'dera lino, ndipo zotsatira zimene anafalitsa m'caka ca 2015 zinaonetsa kuti gawo lalikulu la odwala khunyu amene anajambulidwa m'mutu kucokera ku boma la Katete linali ndi zizindikiro za mphutsi za njokayi mu ubongo. Njira yake ndi iyi. Munthu akadya nyama ya nkhumba yosapsa bwino, yokhala ndi tinthu toyera tonga mpunga, njoka imakula m'matumbo mwake. Mazira ake aturuka ndi cimbudzi. Mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu, kupyolera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, mphutsi ziyenda ndi magazi ndipo zina zikakhazikika mu ubongo. Cotero ngakhale munthu wosadya nkhumba angathe kudwala. Kamphutsi kamodzi kokhala pafupi ndi dera la maso kakwanira kutembenuza mutu wa munthu wamkulu. Cimbudzi cokumba, khola la nkhumba, sopo ndi nyama yophika kufikira kupsa ndizo zidula njira imeneyi. Khunyu silipatsirana ndi malobvu kapena ndi mpweya wa wodwala, ndipo pali mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku amene aletsa kugwa mwa anthu ambiri.

Kwa ana ang'ono, mdani wamkulu wa ubongo m'nyengo ya mvula ndi malungo. M'caka ca 1989 madotolo Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, pamodzi ndi anzao pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, anakonza njira yoyezera kuya kwa kukomoka kwa mwana amene sanayambe kulankhula. Njira imeneyi, yochedwa ndi dzina la mzinda wa Blantyre, igwiritsidwa nchito m'maiko ambiri. Iri ndi mapointi 5: awiri a momwe mwana asunthira akamva kuwawa, awiri a kalilidwe kake, ndi imodzi ya maso. Funso la maso ndi lapafupi: kodi mwanayo apenya nkhope ya amai ake ndi kuitsatira pamene isuntha? Kuti atero pafunika kuti mbali zambiri za ubongo zigwire nchito pamodzi, pakati pao dera la kutsogolo lija. Mai ali yense angathe kuyesa zimenezi pa mphasa, popanda cipangizo ciri conse. Mwana wotentha thupi amene maso ake ali otsegula koma satsata nkhope ya amai ake, kapena amene maso ake akakamira mbali imodzi kapena kumwamba, sali kugona tulo. Ayenera kunyamulidwa nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Nthawi zina mwa mwana wokomoka kukakamira kwa maso ndi kugwedera pang'ono kwa cikope kapena cala ndizo zokha zisonyeza kuti ali kugwidwa ndi cifufu mkati.

Zoyenera kucita pakhomo ndi zocepa. Munthu amene ali kugwa khunyu acotsedwe pafupi ndi moto kapena madzi, agonekedwe cam'mbali, ndipo asaikidwe supuni, cala kapena mankhwala m'kamwa. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza iye asanatsitsimuke, ayenera kupita ku cipatala msanga. Munthu amene walefuka mbali imodzi asapatsidwe phala kapena madzi kufikira namwino ataona ngati angathe kumeza, pakuti cakudya cingalowe ku mapapo. Operekeza wodwala ku cipatala ca St Francis ku Katete, ku cipatala ca mishoni ca Nyanje ku Sinda, kapena ku kiliniki iri yonse ya pafupi, atenge munthu amene anaona ciyambi ca matendawo. Iye anene nthawi imene zinayamba, mbali imene maso ndi mutu zinatembenukira, ndi mkono umene unayamba kugwedezeka kapena kulefuka. Dotolo akamva kuti maso anafulatira mkono wakufa aganiza za kutsogolo kwa ubongo. Akamva kuti anapenya ku mkono wakufa womwewo aganiza za tsinde la ubongo kapena za khunyu.

Cotsala ndi cinthu cimodzi cimene cinyenga mabanja ambiri. M'caka ca 1980 Peter Schiller ndi anzake ku Massachusetts anafotokoza kuti pusi amene waonongeka dera la kutsogolo lokha amabvutika kwa kanthawi, kenaka maso ake ayambanso kulumpha pafupi-fupi monga kale. Cimodzi-modzinso amene waonongeka timapiri ta pakati tokha. Koma zonse ziwiri zikaonongeka, maso sabwereranso mwakale. Njira zofikira ku tsinde la ubongo ziripo ziwiri, ndipo imodzi ikatsekeka inzake isenza katundu. Mwa munthu wodwala sitiroko zicitika momwemo: patapita masiku angapo, kapena masabata ocepa, maso aja amene anakakamira mbali imodzi abwerera pakati, ndipo wodwala ayambanso kupenya alendo. Acibale akondwera, ena ayamika mankhwala amene anamwetsa wodwala m'tseri, ndipo mapiritsi a ku cipatala aikidwa pa denga. Koma cimene cacitika ndi cakuti nduna yagwirizira nchito ya mfumu. Mkono udakafuna kuphunzitsidwa tsiku ndi tsiku, ndipo kuthamanga kwa magazi kumene kunabweretsa matendawo kudakalipo, kufuna kuyezedwa pa tsiku limene namwino analemba pa khadi.